Ngongole ya Bambo a Tamanda ndi malata a kusukulu

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndamaliza kuonkhetsa m'buku la gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama ndipo tatsala ndi masabata atatu kuti tigawane. Onse abweza kupatula Bambo a Tamanda. Anatenga K200,000 mu Seputembala, kuphatikiza chiwongoladzanja yafika K240,000. Abwezako K60,000, yatsala K180,000. Masheya awo ndi K130,000.

Msungichuma: Ndiye kuti ngakhale titadula masheya onsewo patsalabe K50,000. Ine bokosi sinditsegula pamaso pa anthu muli dzenje lotere.

Bambo a Tamanda: Ngongoleyo sindikukana, amayi. Koma nonse mukudziwa kuti ndalamayo sinalowe m'nyumba mwanga. Kamvuluvulu atasasula denga la Sitandade 2 sukulu itangotsegulira, ana ankaphunzirira pansi pa mtengo ndipo mvula inali m'njira. Ndinagula malata ndi misomali, ndinalipira mmisiri. Ndimayembekeza kuti ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zikafika komiti ya sukulu indibwezera, koma mpaka lero sizinalowe ku akaunti ya sukulu.

Nabanda: Anzanga, tisamuone munthuyu ngati wobwera dzulo. Inu ang'onoang'ono simukudziwa. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anasefukira m'makalasi mpaka kusowa pokhala. Alamu angawa anali m'gulu la achinyamata amene analembedwa kuti aziphunzitsa asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Mwana wanga woyamba anadziwa a e i o u m'manja mwawo. Atasiya choko sanaitaye sukulu. Njerwa za buloko ya kumtunda ija anaumbitsa ndi iwo, kudzutsa mudzi wonse tambala asanalire. Makolo awasankha kawiri kulowa m'komiti. Munthu wakuba angasankhidwe kawiri?

Nachisale: Palibe wanena kuti ndi wakuba, amayi. Koma poti mwayamba mbiri, tiinene yonse. Anaimira katatu. Ulendo woyamba anapambana bwinobwino, ine ndemwe ndinaima kumbuyo kwawo pamzere. Ulendo wachiwiri anafuna utcheya ndipo anagwa. Chinawagwetsa n'chiyani? Makolo anafunsa kuti matumba a simenti otsala pa zimbudzi za atsikana anapita kuti, lipoti silinawerengedwe. Ulendo wachitatu, umene anapatsidwa usungichuma, msonkhano unagwera tsiku la maliro ndipo makolo tinalipo owerengeka pa zala.

Bambo a Tamanda: Simenti ija inapita pa khonde la ofesi ya ahedi, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lino, anabwera kudzaona ndi maso awo. Nkhaniyo inatha kalekale, mukuifukuliranji?

Nachisale: Simenti inapezeka, inde. Chimene sichinapezeke ndi pepala. Ndipo lero tabwerera pomwepo. Mwagula malata, koma komiti inakhala pansi liti n'kulemba kuti Bambo a Tamanda akakongole m'malo mwa sukulu? Maminitsi ake alipo?

Bambo a Tamanda: Tinagwirizana pakamwa ndi a tcheya ndi ahedi. Nthawi yoitanitsa msonkhano panalibe.

Make Chisomo: Apa ndiye pandiopsa ine. Ndinakhalapo m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndikudziwa mmene ndalama za SIG zimatulukira. Zimayendera zimene zinalembedwa mu pulani ya sukulu, pamafunika anthu angapo osainira, ndipo pambuyo pake amafuna malisiti. Ngati denga lija silinalowe mu pulani, ndalamazo zikhoza kufika koma inu osalandirako ngakhale tambala imodzi. Komanso chisankho cha komiti chili pafupi. Akalowa ena adzati ngongole ya pakamwa sitikuidziwa.

Nabanda: Ndiye tiwalange chifukwa anafolera ana athu? Mdzukulu wanu, a Nachisale, ali m'kalasi momwemo, mvula yadzana sinamunyowetse. Ine ndikuti chiwongoladzanja cha K40,000 tikhululuke, abweze yokhayo anatenga.

Msungichuma: Chiwongoladzanjacho si changa kuti ndikhululuke, ndi cha anthu 22. Chaka chatha Nagama anatenga ngongole mwana ali m'chipatala, anachedwa mwezi umodzi ndipo tinamulipitsa zonse mpaka chindapusa. Analira pamaso pathu, palibe anaimirira kumunenera mbiri. Tikachotsera bambowa chifukwa ndi a komiti, Nagama tidzamuyang'ana bwanji?

Nagama: Zikomo amayi pondikumbukira. Ine ndinangokhala chete koma zimandipweteka. Ndinagulitsa mbuzi kuti ndibweze.

Mlembi: Malamulo athu amene tinasainira tonse mu Januwale akuti gulu limakongoza membala, osati bungwe. M'bukumu mwalembedwa dzina lawo, ndipo pa chifukwa cha ngongole analembetsa kuti bizinesi.

Make Chisomo: Bizinesi? Bambo a Tamanda, bwanji simunanene kuti ndi za sukulu?

Bambo a Tamanda: Ndinadziwa kuti mukana. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera. Ndinaona ana ali padzuwa, mtima unathamanga.

Wapampando: Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Achimwene, ntchito yanu pasukulu palibe angaifafanize, ngakhale a Nachisale sanaikane. Koma mavoti amene makolo anakupatsani si chikole cha bokosi lino, ndipo munatilembetsa chinthu china mukuchita china. Maganizo anga ndi awa. Masheya anu a K130,000 tidula tsiku logawana. K50,000 yotsalayo ifike pasanathe masabata awiri. Chiwongoladzanja chikhala momwemo, monga tinachitira ndi Nagama. Chindapusa chokha ndi chimene ndikupempha gulu kuti tisiye, poti malatawo tonse tikuwaona padenga.

Nagama: Ngati chindapusa chikusiyidwa, changa cha chaka chatha chibwerenso.

Msungichuma: Chinali K5,000. Chinalowa m'zogawana za chaka chatha, tonse tinadyako. Ine ndikuvomera kuti chibwezedwe kuchokera pa phindu la chaka chino.

Nachisale: Ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezere chimodzi. Malisiti a malata ndi a mmisiri apite ku komiti sabata ino, alembedwe m'maminitsi chisankho chisanachitike, ndipo awerengedwe pamsonkhano wa makolo. Ine ndidzaimirira kuchitira umboni kuti dengalo linafoleredwa ndi ndalama ya ngongole. Ndikufuna bambowa abwezeredwe ndi sukulu, osati ndi ife.

Nabanda: Mtima wanga sunakhutire pa chiwongoladzanjacho, koma sinditsutsa gulu. Pa K50,000 ija, alamu, ine ndikubwerekani K20,000 tikagawana, za pakati pa inu ndi ine.

Msungichuma: Ikufunika tisanagawane, amayi, osati titagawana.

Bambo a Tamanda: Musavutike, alamu. Ndili ndi nkhumba imodzi, ndiyang'ana wogula mawa. Malisiti a malata ndi misomali ndili nawo. Mmisiri sanandilembere kalikonse, ndikamupeza madzulo ano kuti alembe ndi kusaina.

Wapampando: Alembi, lembani zonsezi m'buku, Lachisanu tidzaziwerenge pamaso pa onse ndi kukweza manja. Osunga makiyi atatu nonse mubwere, musatume ana.