Kwathu ndimamaliza maulendo onse 40, koma pa mayeso ndimagwera pa 31

Refa wa ku Ntcheu: Akuluakulu, ndabwera ndi vuto, mundigawireko nzeru. Chino n'chaka chachinayi ndikuyimbira mipira ya m'chigawo, ndipo dzina langa lili pa mndandanda wa oyembekezera kukwera gulu. Mayeso a malamulo sandivuta. Chandikanika ndi fitness test, mayeso othamanga aja, ndalephera kawiri. Maliwiro 6 a mamita 40 aja ndimadutsa bwinobwino, ndikachedwetsa ndi masekondi 5.9. Koma tikalowa zija za 75 ndi 25, kuthamanga mamita 75 pa masekondi 15 n'kuyenda mamita 25 maulendo 40, koyamba ananditulutsa pa ulendo wa 29, kachiwiri pa 31. Miyendo imangolemera ngati andimangirira njerwa. Chodabwitsa n'chakuti pabwalo la pasukulu kwathu kuno ndimamaliza onse 40, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, ndipo ndimafika pa masekondi 13. Kwatsala masabata 6 kuti ndikayesenso. Kodi ndi mantha chabe? Anzanga ena ayamba kale zoti ndikaonane ndi asing'anga.

Mnyamata wa ku Chirimba: Ndi mantha amenewo akulu. Ine usiku wake sindigona n'komwe, kumacha ndikungotembenuka.

Refa wa ku Kasungu: Onjezerani mtunda. M'mawa uliwonse makilomita 10 pamsewu, befu lonselo litha.

Madala a Wezulo: Imani kaye ndi zamsewuzo. Mwana wanga wa ku Ntcheu, ndiyankheni mafunso atatu. Mamita 75 anuwo munayeza ndi chiyani? Mukafika kumapeto mumayenda kapena mumaima? Nanga wotchi amagwira ndani?

Refa wa ku Ntcheu: Madala, ndimayambira pamzere wa bokosi lino kukathera pamzere wa bokosi linalo. Anandiuza kuti ndi 75 imeneyo. Ndikafika ndimaima, manja m'chiuno, n'kudikira. Wotchi ndi ya pafoni, ndimadina ndekha.

Madala a Wezulo: Ehee. Ng'ombe ija yapezeka, inali m'khola momwemo.

Mphunzitsi wa Masewero: Ndiwerengeko masamu pamene aimira madalawa. Bokosi la penate limalowa mamita 16.5 kuchokera pamzere wa golo. Awiri ndi mamita 33. Bwalo lalitali mamita 105, ngati mabwalo akuluakulu aja, pakati pa mabokosi pamatsala mamita 72. Ndiye ngakhale pabwalo labwino 75 sikwana. Tsono mabwalo athu a pasukulu ambiri ndi aafupi, ndipo mizere imajambulidwa ndi phulusa kapena laimu moyerekeza ndi maso. Achimwene, kabwerekeni tepi kwa amisiri omanga, mukayeze lero lomwe, kenako tikambirane.

Refa wa ku Kasungu: Koma kusiyana mamita atatu kungagwetse munthu wamkulu?

Mayi Mbendera: Dikirani ayeze. Mwina si atatu.

Refa wa ku Ntcheu: Ndabwerako. Ndinabwereka tepi kwa mlamu wanga womanga nyumba, ana asukulu awiri n'kundigwirira. Bwalo lonse ndi mamita 98. Pakati pa mabokosi ndi 65. Ndayeza kawiri chifukwa sindinakhulupirire. Manyazi andigwira, akuluakulu.

Mphunzitsi wa Masewero: Musachite manyazi, ambiri tinadutsa momwemo. Taonani tsopano mmene nkhani yanu yakhalira. Ulendo uliwonse mumadya mamita 10. Maulendo 40 ndi mamita 400, kuzungulira thiraki kamodzi kathunthu kumene simunakuthamangepo. Koma chimene chandisangalatsa ine ndi 13 wanu uja. Mamita 65 pa masekondi 13 ndi mamita 5 pa sekondi. Mamita 75 pa masekondi 15 ndi mamita 5 pa sekondi, makilomita 18 pa ola. Ndiye kuti liwiro limene miyendo yanu inazolowera ndi lenileni la mayeso, kungoti thupi linaphunzira kulisunga masekondi 13 okha, kenako kupuma nthawi yaitali mutaima chilili.

Tsiku la mayeso mumapita ndi 13 uja m'mutu. Mukaona kuti koni ili patali, mumaponda moto kuti mufikebe msanga monga mwa masiku onse. Kuthamanga 75 pa masekondi 13 ndi pafupifupi makilomita 21 pa ola. Maulendo 20 oyamba mumaoneka katswiri, mukutsogolera gulu lonse. Pofika pa 29 ngongole ija imabwera kudzatengedwa. Ndikunama?

Refa wa ku Ntcheu: Simukunama aphunzitsi. Maulendo onse awiri ndinali patsogolo mpaka cha m'ma 20. Ndinkaona ngati anzanga ndi aulesi.

Madala a Wezulo: Anzanuwo ndiwo ankadziwa ntchito. Mayeso amenewa alibe mphoto ya woyamba. Wofika pa 12 ndi wofika pa 14.5 onse amalembedwa chimodzimodzi. Komanso kumbukirani kuti malo oyambira kuyenda ali ndi mizere iwiri, wina mamita 1.5 musanafike pa 75, wina mamita 1.5 mutadutsa. Chofunika n'chakuti phazi limodzi likhale litaponda m'katimo wezulo ikamalira. Mukaphonya kamodzi akuchenjezani, kachiwiri akutulutsani. Ndiye palibe chifukwa chodutsa mizere yonse ngati mbava ikuthawa msika. Pondani mzere woyamba uja, tsikani liwiro, yambani kuyenda.

Ife kale tinkathamanga Cooper, mphindi 12 osaima, ndipo mpaka lero anthu ena ndi atolankhani amatchulabe mayesowa kuti Cooper test ngakhale anasintha kalekale. Nthawi imeneyo malangizo a ku Kasungu aja akanagwira ntchito. Kenako kunabwera za mamita 150 pa masekondi 30 n'kuyenda mamita 50, maulendo 20. Kuyambira 2016 FIFA inabweretsa za 75 ndi 25 zimenezi, chifukwa mumpira refa sathamanga mofanana ngati wa marathon. Amaphulika, n'kuyenda, n'kuphulikanso. Makilomita 10 a pamsewu amalimbitsa mtima, sindikukana, koma sakuphunzitsani kunyamuka kachi 35 mtima usanatsike.

Refa wa ku Kasungu: Ndamva madala. Koma ine msewuwo unandithandiza, ndinatsitsa mimba.

Mayi Mbendera: Mimba inatsikadi, tinaona tonse. Koma pali china chimene sichinatchulidwe. Achimwene a ku Ntcheu, mumaika masekondi angati opumira?

Refa wa ku Ntcheu: 22, mayi.

Mayi Mbendera: Ndinadziwa. Pa ndondomeko ya FIFA ya abambo apakati, 15 ndi 22, masekondi othamanga ndi oyenda, ndi ya magulu apansi. Gulu lachiwiri ndi 15 ndi 20. Gulu loyamba ndi a baji ya FIFA ndi 15 ndi 18. Liwiro lothamangira silisintha, chimene amakulandani mukamakwera ndi mpweya. Pa maliwiro a mamita 40 ndi masekondi 6.20, 6.10 ndi 6.00. Inu mukufuna kukwera, ndiye nambala zanu si za gulu limene mulimo, ndi za gulu limene mukupitako. Werengani bwino kalata yokuitanani muone zimene alembapo. Tsono onkhetsani: mumafika pa 13, masekondi 2 otsalawo n'kuphatikiza pa 22, ndiye mumapuma 24 mutaima. Ku mayeso akupatsani 20, ndipo muyenera kuyenda mamita 25 m'katimo. Kuyenda mamita 25 pa masekondi 20 si kuyenda kopita ku ukwati ayi, n'kuyenda kwa munthu wothamangira minibasi.

Mnyamata wa ku Chirimba: Mayi, poti mwafika pa nambala, ife a mbendera zathu zili bwanji? Chaka chamawa ndikufuna ndiyesenso.

Mayi Mbendera: Zathu n'zitatu. Timayamba ndi CODA: mamita 10 kutsogolo, 8 chammbali kumanzere, 8 chammbali kumanja, 10 kubwerera. Abambo a gulu lapamwamba masekondi 10.00, amayi 11.00. Kenako maliwiro 5 a mamita 30, kupuma masekondi 30 okha, abambo 4.70, amayi 5.10. Pomaliza 75 ndi 25 yomweyo, abambo 15 ndi 20, amayi 17 ndi 22. Amene amagwa pa CODA ambiri si chifukwa cha liwiro, amatembenuka phazi lisanaponde mzere. Ndipo musamanene kuti za mbendera n'zopepuka. Bernadettar Kwimbira anakweza mbendera ku World Cup ya amayi mu 2015 ku Canada ndi mu 2019 ku France, wochokera konkuno, wophunzira pa dzuwa lomweli. Koma tsegulani nkhani yanu padera, tisawasokoneze a ku Ntcheuwa.

Refa wa ku Ntcheu: Ndiye ndichite bwanji pa masabata 6? Thiraki yeniyeni ili ku Bingu National Stadium, ine sindingakwanitse thiransipoti ya ku Lilongwe kawiri pa sabata.

Mphunzitsi wa Masewero: Thiraki siyofunika. Bwalo lanu la 98 likukwanira. Yezani mamita 75 pakati penipeni, kutsale mamita 11.5 uku ndi uku. Mufunika 12.5 mbali iliyonse, ndiye mudzadutsa mzere wa golo ndi mita imodzi, palibe vuto bola musagunde pholo. Mukamaliza 75, yendani 12.5, zungulirani botolo, bwererani 12.5, mwafika pamzere, mwakonzeka kunyamuka kubwerera kumene mwachokera. Ngati mulibe makoni, mabotolo odzaza mchenga amagwira ntchito. Khomani zikhomo pansi kuti musamayeze tsiku lililonse.

Ikaninso botolo pa mamita 25 ndi pa 50. Pa 25 mukhale pa masekondi 5 kapena kupitirira pang'ono poti mwanyamuka mutaima, pa 50 mukhale pa 10. Mukadutsa pa 50 pa masekondi 8, dziwani kuti mukuba nkhuni za mawa.

Wotchi musagwirenso nokha. Munthu wotopa amadzikomera mtima, chala chimachedwa kudina. Tsitsani pulogalamu ya interval timer pafoni, ikani 15 ndi 20 maulendo 40, lumikizani ku kasipika. Zonse zimatha mphindi 23 ndi masekondi 20. Ikalira mwanyamuka, kaya mwapuma kaya simunapume, ndipo osanyamuka isanalire.

Sabata yoyamba musayese onse 40, mungokhumudwa. Chitani 10, pumani mphindi 3, maulendo atatu. Sabata yachiwiri 14 katatu. Yachitatu 20 kawiri. Yachinayi yesani mayeso onse monga adzakhalire. Masiku olemetsa akhale awiri pa sabata, ndipo ngati mwayimbira mpira Loweruka, Lamlungu musalimbane ndi thupi. Kuyesa komaliza kwathunthu kukhale kutatsala masiku 8 kapena 10, kenako muzingopepuka.

Madala a Wezulo: Pa mawu oti "monga adzakhalire" ndionjezepo. Maliwiro a 40 aja mumachita tsiku limodzi ndi 75?

Refa wa ku Ntcheu: Ayi madala, ndimachita Lachinayi paokha.

Madala a Wezulo: Ku mayeso sakupatsani tsiku. Liwiro lililonse mumapuma masekondi 60 mukuyenda kubwerera, mukamaliza lachisanu ndi chimodzi akupatsani mphindi 6 mpaka 8, basi mwaitanidwa pamzere. Mumalowa mu 75 miyendo itadyedwa kale. Zolowetsani thupi kuchita ziwirizi motsatizana. Komanso poti 5.9 wanu ndi wa wotchi ya pamanja, musamudalire kwambiri. Kukakhala zipata zamagetsi zoyeza nthawi zija sizimva chisoni. Mumayambira mamita 1.5 kumbuyo kwa chipata, gwiritsani ntchito kadanga kameneko kuti mudutse pachipata mutanyamuka kale. Mukaphonya limodzi amakupatsani lachisanu ndi chiwiri, mukaphonya awiri mwatha, 75 simuionanso. Nsapato zaminga salola.

Mayi Mbendera: Ndipo mtsempha wakumbuyo kwa ntchafu muusamale. Ndinaonapo bambo wina akugwa pa liwiro lachiwiri atagwira ntchafu, anali atangotsika minibasi n'kuvala nsapato osatenthetsa thupi. Chaka chonse chinapita. Pali ndondomeko yotenthetsera thupi ya FIFA 11+ ya ma refa, muziichita musanayambe. China, ngati mwadwala malungo kutatsala masiku ochepa, musalimbe mtima. Uzani akuluakulu, kaonaneni ndi dokotala, mudzayese ulendo wina. Baji siyoposa moyo wa munthu.

Refa wa ku Kasungu: Muziyesanso nthawi imene dzuwa latuluka. Ine ndinazolowera 5 koloko m'mawa, ku mayeso gulu lathu linalowa mochedwa dzuwa litakwera, ndinaona nyenyezi masana. Madzi muyambe kumwa dzulo lake, osati kudzaza mimba pamzere.

Madala a Wezulo: Apa ndiye mwanena zoona a ku Kasungu.

Refa wa ku Ntcheu: Ndabwera ndi lipoti. Dzulo ndinakhoma zikhomo, ndinaika mabotolo, sipika ndinabwereka kwa mwana wa achemwali. 10 oyamba ndinafika pa 14, bwinobwino. 10 achiwiri ndinayamba kumva kuti 75 ndi wautali. Achitatu ndinaphonya ulendo wa 7 ndi wa 9. Chimene chandipweteka kwambiri si kuthamanga, ndi kuyenda kuja. Ndikangozungulira botolo, foni yalira kale.

Mphunzitsi wa Masewero: Ndiye kuti tsopano mukuchita mayeso enieni. Sabata ino bwerezani 10 katatu mpaka musaphonye, 14 ija idikire. Poyenda musaweramitse mutu, manja asakhale m'chiuno, tulutsani mpweya wonse kuti wina ulowe. Masitepe oyamba mukangoponda mzere achiteni msangamsanga, kuti mukafike ponyamukira kutatsala masekondi awiri oti muime.

Refa wa ku Kasungu: Inenso ndakayeza kwathu. Ndi 68. Musandifunse zambiri.

Mnyamata wa ku Chirimba: Akulu a ku Ntcheu, tepi ija mukamaliza nayo tumizani kuno pa basi.

Refa wa ku Ntcheu: Tepi eni ake aitenga kale, akuti Lolemba ali ndi maziko oti ayeze. Vuto langa tsopano ndi mabotolo. Ndapita m'mawa uno ndapeza ana atola onse, mchenga atakhuthulira pa penate. Zikhomo zokha ndi zimene zatsala.