Kabuku kokumbukira a Fomu 4: za koleji tilembemo tsopano?

Anzathu a ku Salima, tithandizeni nzeru. Tikukonza kabuku kokumbukira omwe alemba MSCE chaka chino: pepala la A5, anthu awiri patsamba. Aliyense chithunzi, dzina lomwe anzake ankamutchula, khalidwe lake m'mizere itatu, ndi zomwe ankachita, kaya zisudzo, SCOM, YCS kapena mpira wamanja. Zithunzi atumize ngati document, chifukwa WhatsApp imazifinya, zikasindikizidwa nkhope sizioneka.

Pavuta ndi pa za koleji. Wina akuti KUHeS, wina LUANAR, wina Salima Technical. Tikasindikiza MANEB isanatulutse zotsatira, amene mapointi adzamukanika zidzamuwawa nthawi zonse akatsegula kabukuka. Tikadikira kusankha kwa NCHE, anthu adzakhala atabalalika kale. Tingolemba kuti "akufuna", kapena tisiye mzere wopanda kanthu adzalembe okha?

Komanso pa Kamuzu Road, ndani amasindikiza zamitundu papepala lokhuthala?