Kumanga motoka ya sipoti pakhomo muno mu Chipata, zingatheke?

mwana_wa_Kapata:

Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndithandizeniko nzeru pa nkhani iyi yandikhala mumtima kwa nthawi yaitali. Ndifuna kumanga kamotoka ka sipoti pakhomo panga, kamtundu kaja ka Lotus Seven, mipando iwiri, kopanda denga kopanda zitseko, mphuno yaitali matayala akutsogolo ali panja. Anakayamba ndi Colin Chapman ku England mu 1957 ndipo kankagulitsidwa mzidutswa kuti munthu akalumikize yekha kunyumba, chifukwa nthawi imeneyo ukagula mzidutswa sunkalipira msonkho umene unali pa motoka yatsopano. Mu 1973 a Caterham anagula ufulu wokapanga ndipo mpaka manje akupangabe. Ku South Africa nako a Birkin anayamba kupanga kofanana nako m'ma 1980 kufupi ndi Durban.

Njira ndaona zilipo ziwiri, kuitanitsa kiti yonse kunja mabokosi abwere ine ndingomanga, kapena kuwotcherera ndekha chasisi ndi skweya chubu monga amachitira aja amati Locost nkumatenga zotsala ku motoka zakufa. Ntchito yanga ndi ya mageti ndi mafelemu a mawindo, makina owotcherera a ndodo ndili nawo, galainda ilipo, shedi ilipo. Ndilinso ndi injini ya 4A-GE ya mavalavu 20 yochoka mu Corolla imene inagundidwa kumbuyo, imalira bwino kwambiri. Kodi injini iyi ingakwane? Nanga a RTSA olembetsa motoka angandipatse white book, pepala la umwini lija, pa motoka yoti ndapanga ndekha? Ndipo misewu yathu ino ingailole?

Makanika_wa_Katete:

Mphwanga maganizo ako ndawakonda, koma tiye tiyambe ndi injiniyo chifukwa ndi pamene ambiri amanamizidwa. 4A-GE ndi injini yabwino zedi pa kamotoka kotere, 1600, yopepuka, imakonda kukwera marevu, ndipo motoka yonse ikatha imalemera makilo 500 kapena 600 chabe ndiye mphamvu yake ndi yokwana ndi kutsala. Vuto ndi loti mu Corolla ija inakhala chopingasa nkumakoka matayala akutsogolo, pamene Seven imafuna injini ikhale chautali, giyabokosi kumbuyo kwake, propshafti, difu, matayala akumbuyo ndiwo akankhe. Ndiye giyabokosi ya Corolla ija iwala, sigwira. Imene imalowa bwino popanda kusema ndi T50 ya mu AE86, Corolla yakale ija yokankha ndi matayala akumbuyo, ndipo AE86 muno mu Eastern ine sindinaionepo pa sikirapu iliyonse, ngakhale ku Lusaka uziyenda nazo.

China, ya mavalavu 20 ija ukaitembenuza chautali distribyuta yake imagwera kumbuyo kwa hedi pomwe pali chitsulo chotchinga miyendo yako, mapaipi amadzi nawonso amatulukira komweko, ndiye uyenera kusintha njira ya madzi ndi moto womwe. Zimatheka, anthu amachita, koma ndi ndalama ndi wayaring'i yambiri, ndipo ngati ECU, kakompyuta ka injini kaja, ndi mawaya ake sunazichotse pamodzi ndi injini pita ukazitenge lero lomwe asanazidule anyamata a kopa.

Ine ndikanakhala iwe ndikanafuna motoka imodzi yathunthu yoyendera matayala akumbuyo, nkuchotsa zonse mmenemo. Kabakkie kaja ka Nissan 1400 anakapanga ku South Africa mpaka 2008, injini A14 ya kabuleta, giyabokosi yaing'ono, ekiselo yakumbuyo yopepuka, makanika aliyense kuyambira Nyimba mpaka Lundazi amakadziwa. Sikathamanga ngati 4A-GE koma pa thupi lopepuka chonchi uzadabwa. Altezza nayo imakankha ndi akumbuyo ndipo zakufa ndi zambiri, koma zambiri zinabwera za otomatiki, ndipo ya masilinda 6 ija ndi yaitali ndi yolemera pa mphuno yotere. Difu ya Hilux usayese nkomwe, ndi yolemera mopitirira, mashoki ang'ono sangaigwire ndipo kumbuyo kuzingodumpha.

mwana_wa_Kapata:

Zikomo amalume. ECU ndi mawaya ndinachotsa zonse zili mkatoni. Za distribyuta sindinaganizepo. Ndiye mukuti 4A-GE ndiisunge kaye?

Makanika_wa_Katete:

Isunge, thira oilo pang'ono m'mapulagi uzipukusa ndi sipanala mwezi ndi mwezi. Motoka iyambe yayenda ndi injini yosavuta, T50 ikazapezeka uzasintha. Ungosiya malo okwanira pomanga chasisi.

Wowotcherera_Petauke:

Achimwene ine ndilankhule za chasisi poti ndi ntchito yathu tonse awiri, ndipo musandimve molakwa. Geti ikang'ambika pa joini mwini wake amangobwera kuzadandaula, chasisi ikang'ambika pa sipidi ya 120 munthu amapita. Chubu imene tigula ya mawindo ija ndi yopyapyala ndipo nthawi zambiri saizi imene akuuzani pa shopu si imene mupeza mukayeza. Mapulani ambiri a Locost amafuna skweya chubu ya 25 mm, khoma lake 1.6 mm, ndiye pitani ndi vheniya yanu mukayeze nokha mtanda uliwonse musanalipire, ndipo ya dzimbiri mkati isiyeni.

Makina a ndodo pa chitsulo cha 1.6 mm amaboola, ukachepetsa moto sakulowa, pamwamba pamaoneka bwino mkati mulibe kanthu. Pezani MIG, makina owotcherera ndi waya ndi gasi, ngakhale yobwereka, ndipo musanakhudze chasisi wotchererani tizidutswa, mutimange pa vaisi nkutimenya ndi hamala mpaka tipindike, chitsulo ching'ambike pambali osati pa joini. Za magetsi mukudziwa kale mmene amazimira, akabwera ofooka madzulo musawotcherere zofunika, bola kudikira kapena jenereta yamphamvu.

Chachiwiri ndi tebulo. Pansi pa shedi sipakhala levulo ngakhale maso akuuzeni kuti pali bwino. Pangani tebulo la bolodi yokhuthala, muliike pa levulo, mujambule mzere wapakati, chubu iliyonse muikhomere ndi timatabwa kuti isasunthe. Mangani chasisi yonse ndi timadontho chabe kaye, yezani modutsa ngodya ndi ngodya mbali zonse zifanane, ndiye muyambe kuwotcherera mosinthana uku pang'ono uko pang'ono chifukwa moto umakoka chitsulo, mukamaliza mbali imodzi yonse kaye muzapeza chapindika ndipo motoka izayenda chammbali moyo wake wonse.

Pamene pamavuta zedi ndi kutsogolo. Mabulaketi a mawishiboni, timikono tija togwira matayala ku chasisi, akasiyana ndi mamilimita ochepa chabe mwataya. Raki ya sitiyaring'i nayo nthawi zambiri imafunika kufupikitsa kuti majoini ake amkati agwirizane ndi pamene mawishiboni amazungulira, apo ayi tayala likakwera pa bampu limakhota lokha inu musanakhudze. Apa ine ndingati ngati pali chinthu chimodzi choitanitsa kunja, chikhale mawishiboni ndi mabulaketi ake opangidwa kale pa jigi. Mabawuti onse a sasipenshoni, mabuleki ndi malamba akhale olembedwa 8.8 pamutu ndi manati a nailoni. Propshafti ipite kwa anthu a makina akaifupikitse nkuibalansa, ndipo muizinge ndi chitsulo mkati mwa thanelo chifukwa imazungulira pafupi ndi chiuno chanu. Rolo ba, chitsulo chokutetezani motoka ikagubuduka, kumbuyo kwa mutu musasiye.

Mlongo_wa_ku_Mwami:

Alongosi ine za zitsulo sindilowererapo, ndimagwira za mapepala a katundu pa boda ndiye ndinene mbali imeneyo. Musadule chubu ngakhale imodzi musanapite ku RTSA. Mulembe kalata yofotokoza chimene mufuna kupanga, mapulani muphatikize, mufunse kuti nambala ya chasisi izachokera kuti, azaiyeza ndani ndipo afuna mapepala ati, yankho mulipemphe lolembedwa ndi chidindo. Zongouzidwa pakamwa pa windo sizizakuthandizani pakapita zaka ziwiri munthu uja atasamutsidwa.

Injini yanu ija ili ndi nambala ndipo nambalayo ili mu white book ya Corolla imene inachokera. Muli ndi kalata yogulitsirana? Kope ya white book ija muli nayo? Apolisi amayang'ana nambala ya injini kuti aone ngati si yakuba, ndiye chilichonse chachikulu chimene mugula ku sikirapu, injini giyabokosi ekiselo, lembetsani risiti yokhala ndi nambala ndi siginecha. Ndipo chonde wina asakunamizeni kuti ingodulani nambala ya chasisi ya motoka yakufa muimate pa yanu, umenewo ndi mlandu, ndipo tsiku la ngozi a inshuwalansi azakana kulipira.

Mukasankha kuitanitsa kiti, mtengo muona pa intaneti uja ndi poyambira chabe. Onjezerani sitima kapena thiraki, msonkho wa ZRA ndi VAT, wokiliyara, malo osungira ngati zachedwa, ndiye mayendedwe kuchoka Chirundu kapena Kazungula kudzera Lusaka, kuchoka pamenepo makilomita ena pafupifupi 570 kufika kuno, zonse kwacha ikusinthasintha ndi dola. Invoisi ilembe bwino chilichonse chili m'bokosi chifukwa msonkho wa zidutswa ndi wa motoka yosamanga amawerengera mosiyana, funsani a ZRA zisananyamuke. Ubwino wa kiti ndi woti imabwera ndi nambala ya chasisi ya fakitale ndi mapepala ake, zimene zingakufupikitsireni ulendo. Mapepala akasowa motoka yanu izathera mu yadi, fitinesi, road tax ndi inshuwalansi sizituluka popanda white book.

Dalaiva_wa_Great_East:

Bwana ine ndimayenda Chipata Lusaka sabata ndi sabata ndiye za msewu ndinene. Tara ya Great East kuchoka Luangwa Bridge kufika Mwami ndi yabwino, ndipo makona aja a mapiri pakati pa Luangwa ndi Nyimba kamotoka kotere kangasangalale nako zedi. Koma mahampu. Petauke, Sinda, Katete, kulowa mtauni muno, ndipo Seven pansi pa sampu pamatsala masentimita 10 kapena kuchepera. Hampu imodzi sampu yaboola oilo yense pansi. Ndiye mapulani aku England aja musawatsate ngati mmene alili, kwezani motoka, matayala a mpira wokhuthala pa malimu a 13 kapena 14, masipuling'i ofewerapo, ndi chitsulo choteteza pansi pa sampu. Fyuluta ya mpweya ikhale yeniyeni yotsekedwa m'bokosi, fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limadya maring'i. Redieta yaikulu imene ingakwane m'mphuno ndi fani yamagetsi, kutentha kwa Okutobala mukukudziwa, ndipo mapazi anu azakhala pafupi ndi ekizozi ndiye tchingani bwino.

Chinanso chimene anthu saganiza, mukakhala mmenemo mutu wanu uli pa msinkhu wa tayala la thiraki. Ife a mabasi ndi mathiraki sitikuonani pa galasi lakumanzere, ndipo mtauni muno njinga zonyamula anthu ndi tinjinga tamoto zimatulukira paliponse. Pentani mtundu wowala, malaiti aziyaka ndi masana omwe, hutala ikhale yamphamvu, usiku pa haiwei musayende nako ng'ombe ndi ngolo zilibe malaiti.

Amene akuti muno sizingatheke ine ndikana. Mu Chipata momwemuno a Luangwa Industries ankapanga njinga za Eagle, ku Livingstone ankalumikiza ma Fiat m'ma 1970, manja alipo. Pitaninso ku Chipata Trades mukacheze ndi aphunzitsi a zamakanika, wina akayang'ane majoini anu musanapente.

mwana_wa_Kapata:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Alongosi, kalata yogulitsirana injini ndili nayo, kope ya white book ndikaipempha kwa mwini Corolla mawa, ndipo kalata ya ku RTSA ndilemba sabata ino ndisanagule chitsulo chilichonse. Akayankha bwino ndipita njira ya kuwotcherera ndekha, mawishiboni ndi mphuno ya faibagalasi ndiitanitse kunja, MIG ndibwereke. Amalume aku Katete, mukamva za Nissan 1400 yakufa thupi koma ili ndi mapepala ake onse mundiuze, kaya ili ku Chadiza kaya ku Sinda ndizabwera ndi kanta kuzaitenga. Achimwene aku Petauke, tizidutswa toyesera tija ndikawotcherera ndiika zithunzi pano, mundiuze mosabisa ngati moto walowa.