Kodi ndigule rotary cutter, kapena sizasi yomweyi ikukwana?

Make Tadala, Chitakale: Amayi, ndithandizeni maganizo. Alamu anga akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno, ndiye andifunsa ngati angandigulire zija timaona pa YouTube: rotary cutter ya 45 mm (chodulira nsalu cha lezala lozungulira ngati gudumu), mat yodulirapo, ndi rula yoonekera mkati ya mainchesi 6 m'lifupi ndi 24 m'litali. Ndalama ndidzawabwezera akafika. Nditawerengera, zitatuzi pamodzi zikuyandikira mtengo wa thumba la feteleza. Pomwe ndimathera nthawi ndi podula. Chofunda chimodzi cha zigamba chimandidyera madzulo ambirimbiri ndili ndi katoni, choko ndi sizasi, moti bambo a Tadala ayamba kudandaula kuti akaweruka ku esiteti amangolandiridwa ndi msana wanga. Kodi chida chimenechi chingandipepuzire ntchito mpaka n'kumapeza mpata wokhala nawo, kapena ndikungofuna kutaya ndalama?

NaPhiri, Bvumbwe: Gulani achemwali, musachedwe. Ine ndili nayo ya Olfa, kampani ya ku Japan yomwe inayambitsa chida chimenechi mu 1979. Musamachione ngati sizasi yothamanga chabe, chimasintha kasokedwe konse. Chitenje mumachipinda kanayi, n'kuwongola m'mphepete ndi rula, kenako n'kumadula malamba aatali a mainchesi awiri ndi theka. Simudulanso kachigamba kamodzikamodzi. Mumalumikiza malamba atatu m'litali mwake, lakuda, lowala, lakuda, ndipo ena atatu mosinthanitsa, lowala, lakuda, lowala. Mukasita, mumawadula mopingasa, n'kusanja mizere itatu. Basi, bokosi la zigamba 9 latuluka popanda kujambula ndi choko ngakhale kamodzi.

Ndipo chachikulu kwa ine si liwiro ayi, koma kufanana kwa zidutswa. Sizasi ikakuphonyetsani mamilimita awiri okha pa chigamba chilichonse, mzere wa zigamba 20 wasokonekera ndi masentimita anayi. N'chifukwa chake makona amakana kukumana, chofunda n'kumatukumuka pakati.

Bambo Telala, Luchenza: Pepani amayi, ndilowerere ngakhale m'gulu muno ndine mwamuna ndekha. A NaPhiri sanakuuzeni za malezala. Sizasi ikabuntha, mnyamata aliyense wonola mipeni pamsika amaikonza mukudikira. Lezala lozunguliralo likabuntha ndiye kuti latha, mugule lina. Likagunda pini kamodzi kokha limabenthuka, ndiye paliponse pamene pabenthukapo pakadutsa limasiya ulusi wosaduka. Kuno ku Luchenza sindinaonepo wogulitsa malezala amenewa. Ndiye muzidikira alamu chaka ndi chaka? Komanso kumbukirani momwe Kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Chinthu chimene chimafuna kumagulira zosinthira kunja chimakwera mtengo inu muli m'tulo.

Malamba owongoka ine ndimachita kung'amba. Kudula pang'ono ndi sizasi m'mphepete, kukoka, nsalu imatsata ulusi wake yokha. Ulele.

NaPhiri, Bvumbwe: Kung'amba kumatheka pa nsalu ya thonje lenileni, bambo. Zitenje zambiri zotchipa zimene zadzaza m'misikamu n'zosakaniza ndi poliyesita. Mukang'amba, m'mphepete mumanyutuka n'kusosoka, ndiye mumadulanso kuti muwongole. Nsalu yatayika kawiri. Komanso maluwa a chitenje nthawi zambiri sadindidwa motsata ulusi ndendende, ndiye mukang'amba duwa limapendekeka. Za malezala mwanena zoona, sindikana. Alamu abweretse paketi ya malezala osinthira nthawi yomweyo, apo ayi zonsezo zisiyeni.

Mercy wa pa Nkando: Ine funso langa lili kwina. Make Tadala, zofundazi mumagulitsa kapena mumangosoka chifukwa mumakonda? Chifukwa ngati ndi malonda, tiyeni tinene chilungamo: munthu wa kuno akamva kuzizira amapita pa Limbuli kukagula bulangete lotchipa kapena duveti ya kaunjika. Chofunda cha zigamba amagula ndi alendo okwera phiri ku Likhubula, eni malo ogona alendo, ndi amayi ofuna mphatso ya ukwati. Anthu amenewo si ochuluka. Ndalama ya thumba la feteleza ibwerera liti?

Make Tadala, Chitakale: Kwenikweni ndimasoka chifukwa mtima umakhala m'malo ndikamasanja mitundu ya zitenje. Zingapo ndagulitsako kwa aphunzitsi ndi anamwino, zina ndinapereka pa maukwati a abale. Si bizinesi yoti n'kudyetsa banja ayi.

Mercy wa pa Nkando: Ndiye musadzivute ndi masamu a phindu. Anthu amagula foni yodula osafunsa kuti ibweza liti. Ngati ndalama ndi yanu ya ku banki m'khonde ndipo feteleza wa chaka chino alipo kale, gulani chokusangalatsani.

Agogo NaChisale, Thyolo boma: Ana anga, mwakamba za malezala ndi ndalama, koma mwana wangayu anafunsa zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho mwachidumpha. Make Tadala, tamvera kuno. Chodulira chimenecho sichikubwezera kwa mwamuna wako. Nthawi imene upulumutse podula udzaithera pa chofunda chachiwiri, chifukwa wosoka aliyense akaona kuti ntchito yafulumira amayamba ina. Ndaona amayi ambiri a ku chigwirizano atagula makina amagetsi n'kumati tsopano tizipuma. Palibe anapuma.

Ntchito yathuyi ili ndi magawo. Ena amakuchotsa pa anthu, ena ayi. Kudula kumafuna tebulo, maso onse ndi kuwerenga manambala m'mutu, ndiye munthu akakulankhula umangoti "eee" osamva. Kupalasa makina kuli ndi phokoso, ndipo umamufulatira mnzako. Koma ukaphatikiza nsalu zitatu zija, yazigamba pamwamba, bulangete lakale pakati, ndi yapansi, kusoka kwa pamanja kumatheka uli pampando umodzi ndi mwamuna, wailesi ikulankhula. Kupendera m'mphepete chimodzimodzi. Ndiye dula ndi kupalasa masana iye ali kuntchito, za singano ya pamanja uzisungira madzulo. Mu June ndi July chiperoni chikatsika, chofundacho chimakhala chikukufunditsani miyendo nonse awiri chisanathe n'komwe.

Mercy wa pa Nkando: Agogo, ndi ulemu wonse, koma bwanji nthawi zonse mkazi ndiye azisuntha ndandanda yake? Loweruka Maule akamasewera ndi Manoma, abambowa amasowa kuyambira masana mpaka mdima, pobwera amadzera pa bawo. Ndani amawauza kuti tikusowa nkhope yanu? Mkazi ali pakhomo pake, sakuyenda m'makomo mwa anthu kukajeda, wangogwira sizasi, ndiye walakwa?

Agogo NaChisale, Thyolo boma: Sindinati walakwa, mwana wanga. Ndati asankhe gawo losokera madzulo. Singano sindinamulande. Ndipo Loweruka la mpiralo ndilo tsiku labwino lodulira, tebulo lonse ndi lake, palibe wofunsa kuti madzi osamba atentha.

Bambo Telala, Luchenza: Ndiyankhepo ngati mwamuna. Mayi a kunyumba kwanga nawonso amasoka. Chimene chimawawa si maola ayi. Ndi mawu aja akuti "dikirani ndimalize mzere uwu", chifukwa mzerewo sutha. Chachiwiri ndi kupeza tebulo lodyera ladzaza zigamba zosanjidwa bwino zoti usakhudze, iwe n'kudyera nsima pamwendo m'nyumba mwako. Chachitatu ndi mapini pampando, koma zimenezo ndisafotokoze. Mukamuuza munthu kuti nkhani za 7 koloko zikamayamba ndikhala nditatseka makina, n'kutsekadi, madandaulo ambiri amatha. Zimenezi sizifuna chida cha ku Johannesburg.

NaPhiri, Bvumbwe: Apa ndiye tagwirizana, bambo. Koma taonani, chida chomwechi chimathandiza pa tebulo lanulo. Ndi sizasi zigamba zimakhala mbwee masiku ambiri. Ndi rotary cutter mumadula za chofunda chonse tsiku limodzi, kuziika m'mapepala apulasitiki mtundu ndi mtundu, tebulo n'kubwerera kwa eni ake.

Mayi Abusa, Chisitu: Ndiwonjezere za mat, popeza palibe wazitchula ndipo ndi imene imawonongeka msanga. Imadana ndi kutentha. Mukaisiya padzuwa pakhonde, kapena kuikapo simbi yamakala ngakhale kapu ya tiyi wotentha, imapindika ngati lata la padenga ndipo siwongokanso bwinobwino. Isungeni chogona, pansi pa matiresi ndi pabwino. Alamu anuwo muwauze asaikulunge. Aigoneke pansi penipeni pa sutikesi, chifukwa ulendo wa basi wodzera ku Tete ndi pa Mwanza ndi wotentha. Ya masentimita 45 ndi 60 imakwana m'sutikesi yaikulu ndipo chitenje chopinda kanayi chimakwanapo. Yaing'ono kuposa apo muzingosuntha nsalu.

Chinanso, aonetsetse manambala. Mat zina zili m'masentimita, rula zambiri za zigamba zili m'mainchesi. Muyezo muzitengera pa rula, osati pa mizere ya mat, ndipo musasakanize miyezo iwiri pa chofunda chimodzi. Msoko wa zigamba ndi kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6. Matani kaselotepi pa makina pamene pali muyezowo kuti nsalu izitsata. Popanda zimenezo, kudula bwino konse kuja kumapita pachabe.

Make Tadala, Chitakale: Zikomo Mayi Abusa, za mainchesizo ndiwatumizira uthenga pompano. Nanga za ana? Tadala wayamba kugwiragwira chilichonse.

Mayi Abusa, Chisitu: Ndi lezala lenileni limenelo, mwana wanga, lakuthwa ngati lometera. Chili ndi kotsekera, ndiye dzizolowezeni kutseka nthawi iliyonse mukachiika pansi, ngakhale mukufuna kungotembenuza nsalu. Muzidula chokankhira kutsogolo, kutali ndi thupi, zala zili pakati pa rula, osati m'mphepete. Mukamaliza chikhale m'kabati yokhoma. Ngati m'nyumba mulibe pokhoma, dikirani mwana akule.

NaBanda, Makwasa: Ine nditsutsane nanu nonse pang'ono. Kwa ine podula si pamene pamavuta. Pamavuta ndi pophatikiza nsalu zitatu pa makina opalasa. Mano a makina amakoka yapansi, phazi limakankha yapamwamba, pofika kumapeto kwa mzere pali khwinya. Ndalama yomweyo bwenzi mutagula walking foot, phazi lija limakoka ndi nsalu yapamwamba yomwe. Kungoti pamafunika kuyeseza pa makina anu, chifukwa si lililonse limagwirizana ndi Butterfly kapena Singer zakalezi.

Agogo NaChisale, Thyolo boma: Khwinya limabwera chifukwa cha phuma. Yala nsalu zitatuzo pasimenti yosesa bwino, gwiriza ndi mapinifolo kapena ulusi wa misoko italiitali motalikirana chikhatho chimodzi, uyambire pakati kupita m'mphepete. Ngati ukufulumira, ingomanga mfundo za ulusi wolukira majuzi pa kona iliyonse ya bokosi. Chimalimba ndithu, ndipo mfundozo ngakhale bambo a Tadala angathe kumanga. Koma musaiwale kuchapa zitenje musanadule. Zofiira ndi zabuluu wakuda zimatulutsa utoto, ndipo za thonje zimafupika pa kuchapa koyamba. Kaya ndi za Mapeto, kaya ndi kapulana wa ku Milange, madzi kaye.

Mercy wa pa Nkando: Kapena apatseni iwowo ntchito yodula! Amuna amakonda chida chonyezimira. Muona okha akufunsa kuti lero tidula chani.

NaPhiri, Bvumbwe: Mayo! Ayi Mercy, ayi. Mawa lake mupeza adulira katoni, mkuja chubu cha njinga. Pepala lokha limabunthitsa lezala. Mfundo amange, kusita asite ngati akufuna, koma chodulira asachione kumene chimagona.

NaBanda, Makwasa: Komanso tisanamizane kuti sizasi ipuma. Maluwa odula mozungulira, mitima, mbalame zomata pamwamba, ndi tizigamba tating'onoting'ono tomwe timatola kwa matelala, zonsezo ndi za sizasi. Chodulira chozungulira chimakonda nsalu yaikulu ndi mizere yowongoka. Ngati zofunda zanu zambiri mumapangira zotsalira za m'thumba la telala, phindu lake lichepa kwambiri.

Make Tadala, Chitakale: Apo mwandigwira, a NaBanda, chifukwa theka la nsalu zanga ndi zotola zomwezo. Komabe theka linalo ndi zitenje zathunthu, ndipo malamba a m'mphepete mwa chofunda ndi amene amandipweteketsa dzanja. Ndaganiza chonchi: ndilankhula ndi amayi awiri amene timasokera limodzi kutchalitchi kuti mat ndi rula tisonkherane, zizikhala kwa mmodzi, koma chodulira ndi malezala aliyense zake. Walking foot idikire ulendo wina. Bambo a Tadala ndiwaonetsa mtengo usiku uno alamu asanagule, asadzamvere kwa m'bale wawo. Za 7 koloko zija ndiyesa, koma Loweruka ndalanda, agogo ndi mboni.

Mercy wa pa Nkando: Zosonkheranazo ine ndimazikayikira. Mat idzakhala kwa amene ali kutali tsiku lomwe mukuifuna, ndipo ikadzapindika aliyense adzati anaipeza choncho. Lembani m'kope tsiku lotenga ndi lobweza.

Bambo Telala, Luchenza: Ine sindinagonje. Zikafika mundiuze, ndikwera minibasi ndi sizasi yanga tidzapikisane pa chitenje chimodzi, a NaPhiri adzakhale oweruza.

NaPhiri, Bvumbwe: Bwerani bambo. Koma chitenjecho mugula ndinu, ndipo malamba tikadula atsala kwa Make Tadala.