Khoma la laibulale: nkhope ya madala a banjo ikhalepo kapena ayi?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Loweruka tinagwirizana kuti pakhoma la kumaso kwa laibulale yathu kuno ku Zomba pajambulidwe nkhope za aluso akale a kuno kwathu: oimba, ovina ndi osema. Wojambula wapezeka, ndalama ya penti ilipo. Koma dzina limodzi latigawa, la malemu madala a banjo aja ankakhala chakufupi ndi msika wa Songani. A Wapampando akuti tikambirane pano tisanapereke mayina.

Bambo a ku Joni: Ine ndikudabwa kuti nkhaniyi ikukambidwa n'komwe. Ndani wa msinkhu wanga amene sanavineko nyimbo za madalawo paukwati? Banjo anadzipangira okha ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Ngati mlandu wawo ndi kupeka nyimbo zotamanda Kamuzu, ndiye tonse amene tinakula nthawi imeneyo tili ndi mlandu.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Ana inu obadwa itadutsa referendamu ya 1993, mvetsani mmene zinthu zinalili. Chipani chinali chimodzi kuyambira 1966, wailesi inali imodzi, ndipo kuyambira 1968 panali bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero anthu asanazione. Zomba inali likulu mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994, choncho Kamuzu ankabwera kawirikawiri. Ife tinkatseka makalasi n'kundandalika ana m'mbali mwa msewu, amayi ankatengedwa pamalole kukavina. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College amene ankadzudzula mophiphiritsa m'ndakatulo zake, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati anthu odziwika kunja kwa dziko zinawathera choncho, woimba wa kumudzi akanakana, akanamufunsa ndani kumene wapita?

Mnyamata wa ku Matawale: Agogo, ndamva, koma laibulale ndi ya ana a lero. Nyimbo zina za madalawo zimanyoza amayi osabereka, zina zimatukwana amene ankatchedwa zigawenga. Mwana akafunsa kuti uyu ndani, tidzayankha kuti chiyani? Kwa ine achoke, ndi nyimbo zawo zomwe.

Achemwali a ku Lilongwe: Achimwene, pa nyimbopo ndikutsutsani. Mu 2016 chimbale cha akaidi a m'ndende ya Zomba chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy ku America. Tonse tinanyadira, ngakhale tinkadziwa kuti ena mwa oimbawo ali m'ndende pa milandu ikuluikulu. Nyimbo ikakoma imakoma, ndipo kuimvera sikuvomereza zimene woimbayo anachita.

Mayi a ku Chinamwali: Ndakhala chete kuyambira Loweruka chifukwa nkhaniyi imandiwawa. Aphunzitsi, zonse mwanenazo ndi zoona. Ine za nyimbo zotamanda sindikudandaula. Anansi athu onse ankavina, ndipo sindinawasungire chakukhosi.

Makolo anga anali a Mboni za Yehova. Mpingowo unaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makhadi, ndipo mu 1972 zinthu zinafika poipa. Anyamata amene anabwera kwathu usiku sanali a m'mudzi mwathu, nyumba sankazidziwa. Amene anawatsogolera, kuwalozera khomo ndi khomo, anali madala a banjo omwewo. Ndinali ndi zaka zoti n'kuzindikira munthu. Bambo anamenyedwa mpaka dzanja linalemala, nkhokwe inatenthedwa, ife tinathawira ku Mozambique wapansi. Palibe amene anawakakamiza kulozera. Kuimba anakakamizidwa, inde. Kulozera anadzipereka okha.

Bambo a ku Joni: Pepani kwambiri amayi. Izi ndinkangozimva patali. Komabe ndifunse: kodi tikuyeza munthu wa 1972 ndi maganizo a lero a ufulu wachibadwidwe, amene iye sanawamvepo?

Mayi a ku Chinamwali: Ayi bambo, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Usiku womwewo mayi wina woyandikana nafe, amene mwamuna wake anali ndi udindo m'chipani, anatibisa ana atatu kukhitchini kwake, m'mawa n'kutipatsa ufa m'kansalu. Mayiyo sanapite kusukulu, za ufulu wachibadwidwe sanazimvepo, ndipo mantha anali nawo ofanana ndi a wina aliyense. Koma ankadziwa kuti mnansi sapereka mnzake. Anthu a nthawi yomweyo ndi amene anawaweruza madalawo. Funsani akuluakulu a ku Songani chifukwa chake mabanja ena anasiya kuwaitana kumaukwati. Chiweruzo chimenechi sichinabwere ndi demokalase.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Amayi anena zoona. Pali zinthu zimene nthawi inasintha, monga mawu onena za amayi osabereka, omwe kale anthu ankaimba osaona vuto. Pamenepo mwana tingamufotokozere kuti kale ankaganiza motere, lero tinazindikira. Koma kupereka mnansi kunali koipa kale ngati lero. Ngakhale Kamuzu mwiniwake anapepesa mtundu wa Amalawi mu January 1996 pa zowawa za mu ulamuliro wake. Kodi madalawa anapitako kwa banja lililonse kukapepesa?

Mayi a ku Chinamwali: Kwathu sanabwere. Titabwerera tinkakumana nawo pamsika, ankangoyang'ana kumbali.

Msungichuma: Ndikumbutse chinthu chimodzi chovuta. Adzukulu a madalawo ali m'gulu lino, ndipo njerwa zambiri za laibulale anaumba ndi iwowo. Iwo sanalakwe kanthu. Tisalankhule ngati kulibe.

Mdzukulu wa malemu: Zikomo a Msungichuma. Ndawerenga zonse ndipo mtima wanga walemera. Ine ndinawadziwa ngati agogo ondiphunzitsa kukunga nsambo. Za 1972 kunyumba sizinkakambidwa. Amayi a ku Chinamwali, sindingakutsutseni pa zimene munaona ndi maso anu. Ndikupempha chimodzi: makaseti awo asanu ali kwa malume, ayamba kuwonongeka. Muli nyimbo za maliro, za njala ya 1949, za anthu opita kumigodi. Zimenezo zisatayike.

Mayi a ku Chinamwali: Mwanawe, ulibe mlandu ndi ine. Makasetiwo asungidwe, nyimbo za chipani zomwe zisafufutidwe, ana amve mmene zinkamvekera. Koma khoma ndi ulemu, ndipo pakhomo pamene adzukulu anga azilowera tsiku ndi tsiku sindingavomere.

Mnyamata wa ku Matawale: Makasetiwo ndikhoza kuwasamutsira pakompyuta ine, mutandipatsa wailesi yoseweretsa makaseti.

Wapampando: Zikomo nonse. Wojambula ayambe ndi mayina amene palibe wawatsutsa. Makaseti asamutsidwe, ndipo Aphunzitsi alembe tsamba limodzi la mbiri ya madalawo, luso lawo ndi za 1972, loti mabanja onse awiri aliwerenge lisanaikidwe mulaibulale. Za nkhope pakhoma tidzavota pamsonkhano wa mwezi wamawa. Tisanatero, ine ndi a Mlembi tipita kwa amfumu kuti atiitanire mabanja ena amene anathawa nthawi imeneyo, chifukwa ambiri sali pa WhatsApp.

Bambo a ku Joni: Ine ndidzavotabe kuti akhalepo, koma tsambalo likhomedwe pansi pa nkhopeyo. Ndalama ya wailesi ya makaseti nditumiza Lachisanu.