Thandizeni: masewero a BL (Boys' Love, chikondi cha amuna okhaokha) a ku Thailand omwe ochita ake amadziwadi zisudzo ndi ati?

Wobisa dzina:
Moni nonse pagulu pano. Dzina ndabisa chifukwa mukudziwa mmene nkhani za chikondi cha amuna okhaokha zimalandiridwira kwathu kuno, ndipo sindinabwerere mkangano umenewo. Funso langa ndi la zisudzo basi.

Ndangomaliza kuonera 2gether, ija ya kampani ya GMMTV ya mu 2020 yomwe muli Bright Vachirawit ndi Win Metawin. Aliyense ankandiuza kuti ofuna kudziwa BL amayambira pomwepo. Nyimbo za gulu loimba la Scrubb zomwe zili m'menemo ndazikonda, anyamatawo ndi ooneka bwino, ndipo mwina ndi mwina ndinkaseka, koma mtima wanga sunagwidwe. Sarawat (Bright) akamauza Tine (Win) mawu achikondi, nkhope yake imakhala momwe inalili pamene amaimba gitala. Tine akakhumudwa, ine ndimaona munthu amene wauzidwa kuti apa ukhumudwe, osati munthu amene zamupweteka.

Nditanena zimenezi kwa anzanga omwe amaikonda, zinavuta. Wina anati ndine wansanje. Izo sindikuziwerengera. Koma wina anati, "Iwe Chithai sumva, umangowerenga mawu omasulira a pansi paja, ndiye ungadziwe bwanji kuti munthu wachita bwino kapena ayi?" Mawu amenewa ndiwo andikhala pamtima, chifukwa ndikuona kuti ali ndi mfundo.

Ndiye ndithandizeni. Kodi munthu wosamva chilankhulocho angaweruze luso la wochita sewero? Ndipo ndionere iti yomwe ochita ake angandichititse kuiwala kuti ndikuonera sewero? Bando ndi yodula, sindikufuna kuithera pa nkhope zokongola zokha.

NaPhiri wa ku Area 25:
Simunalakwe asisi, kapena achimwene, kaya ndinu ndani. 2gether inali sewero loyamba la Win, ndipo inatchuka kwambiri chifukwa inatuluka nthawi ya Covid anthu ali bindikiro m'nyumba, GMMTV n'kumaiika pa YouTube ulere ndi mawu omasulira. Kutchuka kwina, luso kwina. Pitani mukaonere I Told Sunset About You, ya chaka chomwecho, ya kampani ya Nadao Bangkok. Ili ndi magawo 5 okha, ndiye bando siivulala kwambiri.

Nkhani yake imachitikira ku Phuket. Anyamata awiri, Teh ndi Oh-aew, anali paubwenzi ali ana, anadana, kenako akukumananso m'kalasi yophunzira Chitchaina pokonzekera mayeso olowera ku yunivesite. Pa funso lanu la chilankhulo, onani chinthu ichi. Teh amadana ndi fungo la kokonati, pomwe Oh-aew amasambira m'mutu shampu ya kokonati. Patapita nthawi mumamuona Teh ali yekha, wagwira kokonati, akuinunkhiza mosaugwira mtima. Palibe mawu oti muwerenge pansi. Billkin, yemwe ndi Teh, amakuonetsani zonse ndi mmene akupumira komanso manyazi omwe ali pankhope pake. Pamenepo simufunika Chithai. PP Krit, yemwe ndi Oh-aew, naye ali ndi malo amene Oh-aew wavala bra yofiira, akudziyang'ana pagalasi n'kumalira poganiza kuti akanakhala mtsikana zikanaphweka. Ine ndinaimitsa kaye foni.

Kondwani_Joni:
Ine ndiwaikira kumbuyo pang'ono a Bright. Sarawat analembedwa kuti akhale munthu wosaonetsa zakukhosi, ndiye nkhope youma ija mbali ina ndi ya munthu wa m'nkhaniyo. Komanso sewero lija ndi loseketsa, silinapangidwe kuti likulizeni. Musaliyeze ndi muyezo wa I Told Sunset About You.

Wobisa dzina:
A Kondwani, ndamva. Koma munthu wobisa zakukhosi amaoneka kuti pali chimene akubisa. Ine sindinaone chobisidwacho.

Mwana wa Agogo:
Apo mwalasa. Ndipo chitsanzo chake chilipo mu kampani yomweyo ya GMMTV, kuti wina asanene kuti tikungonyoza kampani. Bad Buddy ya mu 2021, ya Ohm Pawat ndi Nanon Korapat. M'nkhaniyo, mabanja a Pat ndi Pran ndi oyandikana nyumba koma ndi adani, anawo analeredwa kuti azipikisana pa chilichonse. Pran, yemwe ndi Nanon, wakhala akumukonda Pat, yemwe ndi Ohm, kuyambira kale koma akubisa. Kubisako mumakuona. Pat akayang'ana kumbali, maso a Pran amafewa, akatembenuka amawalimbitsanso msanga. Kumapeto kwa gawo 5, padenga la nyumba paja, akupsompsonana, ndipo Pran m'malo mosangalala akugwetsa misozi n'kuchoka, chifukwa akudziwa zomwe zikuwadikira kunyumba. Anthu mpaka lero amakambabe za malo amenewo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Nanon anayamba zisudzo ali mwana, Ohm anali atachita kale Make It Right mu 2016 ndi He's Coming to Me mu 2019. Anafika pa Bad Buddy atapsa kale. Wotsogolera wake, Aof Noppharnach, ndi amene anapanganso A Tale of Thousand Stars ndi Moonlight Chicken. Ine masiku ano ndimayamba ndafufuza wotsogolera ndisanayang'ane nkhope za pa chithunzi.

Tadala M.:
Vuto lalikulu si ochita sewerowo ayi, ndi mmene malondawo amayendera. Makampani amagwirizanitsa anyamata awiri n'kuwagulitsa ngati awiriawiri mpaka kalekale, mayina awo n'kuwalumikiza: BrightWin, OffGun, EarthMix. Ndalama zambiri zimachokera ku misonkhano yokumana ndi masapota, makonsati ndi kutsatsa katundu. Ndiye mnyamata akakhala wooneka bwino ndipo ali ndi omutsatira ambiri pa Instagram, amapatsidwa udindo waukulu asanaphunzire mokwanira. N'chifukwa chakenso pakati pa nkhani yachisoni mumangoona munthu watulutsa botolo la tiyi wobiriwira kapena mafuta odzola, dzina lake n'kuliloza ku kamera. Wochita sewero ngakhale akhale katswiri, pamenepo angatani?

Ndipo masapota ena sasiyanitsa kukonda awiriwo ndi kuyamikira ntchito yawo. Ukanena kuti gawo ili sanachite bwino, iwo amamva ngati wanyoza mbale wawo. Anzanu aja anakukalipirani chifukwa cha zimenezo, nkhani ya Chithai inali pothawira chabe.

Chisomo wa ku Leeds:
Sindikugwirizana nanu kwathunthu a Tadala. Nkhani ya chilankhulo ndi yoona mbali ina. Mnzanga wa ku Thailand amene ndimagwira naye ntchito amandiuza kuti pali ochita sewero ena omwe ife timawatama, koma iwo akamamvetsera amamva kuti mawu akungolakatulidwa ngati mwana akuwerenga m'kalasi. Zimenezo ife sitingazigwire. Chomwe tingathe kuona ndi thupi, maso, ndiponso ngati munthuyo akumvetseradi mnzake akamalankhula kapena akungodikira nthawi yake. Ochita sewero ofooka amazimitsa nkhope mnzawo akayamba kulankhula. Yang'anani amene sakulankhulayo, mudziwa.

Pa chifukwa chimenechi ndikupatsani Moonlight Chicken ya mu 2023, magawo 8. Imachitikira ku Pattaya, pa kalesitilanti kogulitsa mpunga wa nkhuku usiku. Earth Pirapat ndi Jim, bambo wotopa ndi mavuto a ndalama amene akulera Li Ming, mwana wa mlongo wake. Mulinso Heart, mnyamata wosamva, yemwe amachita ndi Gemini Norawit, ndipo iye ndi Li Ming amalankhulana polemberana ndi pa chinenero chamanja. Pamenepo inu ndi munthu wa ku Bangkok mumafanana, nonse mukuwerenga nkhope. Ndimaikondanso chifukwa ndi ya anthu akuluakulu ovutika ndi lendi, osati ana a yunivesite ophunzira uinjiniya omwe adzaza masewerowa kuyambira pa SOTUS ya mu 2016.

Bambo a Yankho:
Palibe amene watchula Not Me? Gun Atthaphan amachita anthu awiri amapasa, Black ndi White, ndipo asanatsegule pakamwa mumadziwa kale kuti uyu ndi uti chifukwa cha kaimidwe ndi kayang'anidwe. Wotsogolera ndi Anucha Boonyawatana. Muli nkhani za ziwonetsero, anthu olemera opondereza anzawo komanso ufulu wokwatirana amuna kapena akazi okhaokha, zomwe pa nthawiyo zinali zisanaloledwe. Lamulo lolola maukwati amenewa ku Thailand linayamba kugwira ntchito pa 23 Januwale 2025.

Tadala M.:
Not Me ndi yabwino, koma magawo ake omaliza anathamanga, nkhani zina zinangomangidwa mwachangu. Gun yekha palibe chomunena.

NaPhiri wa ku Area 25:
Ndikuchenjezeniko chimodzi poti mwangoyamba kumene. Anthu akuuzani za TharnType ya mu 2019 chifukwa ochita ake, Mew ndi Gulf, amagwirizana kwambiri pa kamera. Ndi zoona, koma m'magawo oyambirira muli malo amene wina akugwiridwa thupi asanavomere, ndipo sewerolo limazionetsa ngati chikondi. Ine zinandinyansa, ndipo luso la ochita sewero silichotsa zimenezo. KinnPorsche ya mu 2022 inajambulidwa mwapamwamba ndipo Apo Nattawin ndi waluso, koma ndi ya zigawenga, muli nkhanza ndi zogonana zoonekera, si yoonera pabalaza ana ali pomwepo.

Wobisa dzina:
Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. A Chisomo, malangizo oyang'ana amene sakulankhula aja ndawatenga. Ndiyamba ndi I Told Sunset About You poti ndi yaifupi, kenako Bad Buddy. TharnType ndiisiya. Funso lina kwa a NaPhiri: ndaona kuti ili ndi yotsatira yake, I Promised You the Moon. Ndiionere nthawi yomweyo?

NaPhiri wa ku Area 25:
Pumulani kaye pakati. Yachiwiriyo ndi ya mu 2021, wotsogolera ndi wina, ndipo nkhani inasamukira ku Bangkok komwe awiriwo ali ku yunivesite. Billkin ndi PP akuchitabe bwino, koma zomwe Teh amachita kumeneko zinakwiyitsa masapota ambiri, ena mpaka anaisiyira panjira. Ine ndinaimaliza ndipo sindinong'oneza bondo, ngakhale Teh sindinamukhululukire msanga. Mukamaliza yoyambayo mubwere mutiuze mmene mwaonera gawo 4.