Bwanji akapolo a ku Haiti anapambana pomwe nkhondo ya a Chilembwe inangotha masiku 11?

Mbadwa_ya_Chiradzulu:
Abale anga, pali funso landisowetsa mtendere. Mwana wanga wa Fomu 3 anabwera ndi nkhani ya Haiti, yakuti akapolo a m'minda ya nzimbe anaukira Afalansa mu Ogasiti 1791, ndipo pa 1 Januwale 1804 dziko linakhala lawo. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga a Chilembwe analakwitsa pati?" Ndinangoti kukamwa yasaa.

Kwathu ndi kufupi ndi Mbombwe. Agogo anga aakazi ankakamba za thangata ali pamkeka, akusenda chinangwa. Ankati makolo awo ankakagwira ntchito kumunda wa mzungu polipirira malo omwe anamangapo nyumba, kumunda kwawo udzu ukumera mpaka kupitirira chimanga. Akafika pamenepo mpeni ankauika pansi kaye. Nkhondo inayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, pofika pa 3 Febuluwale a Chilembwe anali ataphedwa. Kodi kunali kuchepa kwa mfuti, kapena anthu athu sanagwirizane?

Mphunzitsi_wopuma:
Achimwene, yambani ndi chiwerengero. Ku Saint-Domingue, momwe ankalitchulira dzikolo kale, akapolo analipo pafupifupi 500,000 pomwe azungu sankapitirira 40,000. Ambiri mwa akapolowo anabadwira ku Africa konkuno, ena anali atamenyapo kale nkhondo kwawo asanagwidwe. Nthawi imeneyo ku France kunali chipwirikiti, ndipo Britain ndi Spain ankalimbirananso chilumbacho. Napoleon, mtsogoleri wa France, atatumiza asilikali mu 1802, matenda a yellow fever anawapulula, mpaka mkulu wawo Leclerc anafa nawo. Toussaint Louverture, mtsogoleri wa oukirawo, Afalansa anamugwira mwachinyengo n'kukafera m'ndende ku France mu 1803, koma Dessalines, yemwe analowa m'malo mwake, anatsiriza ntchito pa nkhondo ya ku Vertières.

A Chilembwe anali ndi anthu mazana ochepa, ambiri atanyamula mikondo. Omwe anapita kukathyola nyumba ya zida ku Mandala anabwerako ndi mfuti zowerengeka. Ku Ntcheu kwa a Filipo Chinyama, omwe ankatsogolera kuukira kumeneko, sizinayende, ndipo mafumu ambiri sanalowe nawo.

Nachisale_ku_Joni:
Bambo, ine mawu akuti "analakwitsa" andiwawa. Munthu ameneyu anayamba ndi sukulu ndi tchalitchi mu 1900, osati mkondo. William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ankawotcha matchalitchi a PIM (Providence Industrial Mission, mishoni ya a Chilembwe ya ku Mbombwe). Mu Novembala 1914 a Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu yomwe sapindula nayo kanthu, boma n'kuitsekereza kalatayo. Mukanakhala inu mukanalowera kuti? Ndipo amayi achizungu ndi ana omwe anagwidwa ku Magomero anawamasula osawavulaza.

Za Haiti muuzeninso mwanayo mbali inayo. Mu 1825 France inalamula kuti alipire mafranc 150 miliyoni polipira eni akapolo pa zomwe ankati anataya. Akapolo kulipira mabwana awo! Ngongole imeneyo inadya misonkho ya dzikolo kwa zaka zambirimbiri.

Mbadwa_ya_Chiradzulu:
Zikomo aphunzitsi, zikomonso mayi. Za kalata ya 1914 sindinkazidziwa, ngakhale nkhope yawo ndimaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama. Agogo ankangonena kuti asilikali anaphulitsa tchalitchi cha njerwa chija, ndipo anthu anathawira kutchire, ena mpaka ku Mozambique. Mishoni inakhala yotseka mpaka Dr Daniel Malikebu atabwera kudzaitsegulanso mu 1926.

Pa 15 Januwale ndimutenga mnyamatayu tipite ku PIM akaone yekha pomwe panali tchalitchi choyambacho. Aphunzitsi, ngati muli nayo kalata ija yonse, chonde tiikireni pano, ndikufuna akaiwerenge tisananyamuke.